Zizindikiro za pa Nkhokwe

Torry, Aberdeen
9 Okutobala 1898

Wokondedwa mkazi wanga Merran,

Moni kwa iwe ndi kwa mwana wathu Leebie. Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko. Upereke moni kwa Bambo, ndi kwa mng'ono wanga Gibbie ngati mkwiyo wake waphwa. Ngati sunaphwe, umupatsebe moniyo akasunge.

Ndinafika bwino. M'sitima anthu onse ankasanza, ine ndekha ndinkadya, mpaka mayi wina anandipatsa mkate wake kuti ndimuchokere pamaso. Malo ogona ndapeza kwa Mayi Leiper, amasiye, kutsidya kwa mtsinje. Timagona anayi m'chipinda chimodzi, ndipo tiyi wawo ndi woti ukamamwa umaona maluwa a pansi pa kapu. Ntchito ndapeza ya padoko, kukankha wilibala ya malasha ndi ayezi kupita ku sitima za khoka. Mtima usadumphe, ndati kupita, sindinati kukwera. Ndimakhuthula n'kubwerera.

Merran, masache aja, sitima za khoka zosesa pansi pa nyanja zimene timazitukwana kwathu tikaona utsi wake kutali, kuno aima ndandanda, moti munthu ukhoza kuwoloka doko osaponda madzi. Nsomba zimene sitima imodzi imatsitsa m'mawa umodzi, boti la Bambo silingaphe nyengo yonse yachisanu. Koma tiana ta nsomba ya hadoki timene amapha, mayo! Tochepa ngati chala, amatiwola ndi fosholo n'kukatitaya m'minda ngati manyowa. Ndinaima n'kumayang'ana mpaka kapitawo anandifunsa ngati ndabwera kudzaona malo.

Uwauze Bambo kuti mawu awo ndawasunga. Iwe unali kumtunda ndi mwana, sunamve. Anandigwira pamkono ndili pafupi kukwera boti la makalata, n'kunena kuti, "Rasmie, manja ndi ako, kagulitse kumene ufuna. Koma zizindikiro za pa Nkhokwe si zako wekha. Pamene paja pamadya mudzi wonse wa Skelvoe." Ndinawayankha mokalipa, ndikudziwa, chifukwa zinandipweteka kuti akundiyesa munthu woti n'kugulitsa. Ine amene ndaponya zingwe pa Nkhokwe kuyambira ndilibe ndevu, sindidziwa kodi kuti hadoki wa m'chisanu timamupeza pokhapo? Kamalo kochepa ngati khola la nkhosa pakati pa nyanja yonse ija, koti wosadziwa kulinganiza phiri ndi mwala angadutsepo chaka chonse osakapeza. Ndi kangati tinazula zingwe n'kupalasira kwina titangoona utsi, kuti asationere? Pakamwa panga sipadzatuluka kanthu. Uwauze choncho, mofatsa, monga umathera iweyo.

Ndaikamo masheleni khumi. Ugule ufa wa otsi wophikira phala, za shuga uiwale kaye. Gibbie akuthandize kumanga denga ndi zingwe ndi miyala mphepo zisanayambe, ndipo nkhosa yakuda ija usagulitse ngakhale akunyengerere bwanji. Ng'ombe imene inatifera ndi yomwe yandichotsa pakhomo. Ndikapeza yogulira ina, ndabwera.

Ndine mwamuna wako,
Rasmie


20 Novembala 1898

Wokondedwa Merran,

Kalata yako ndalandira, pamodzi ndi chipewa chimene wandilukira. Chandikwana bwino, ngakhale anzanga akuti ndikuoneka ngati tiyipoti. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Leebie chaleka. Ine ndili bwino, kungoti ndikatsokomola zimatuluka zakuda, koma akuti onse amatero poyamba.

Tsopano khala pansi. Ntchito ya padoko ndi yoti umaima pachipata m'mawa, kapitawo n'kuloza amene wamukonda. Chala chake chinayamba kumandilumpha, lero, mawa, mkuja. Ndiye pali mkulu wina wa kuno amene timagona naye, dzina lake Dod, wakalambira pa sitima za khoka. Anabwera n'kuti wosonkheza moto wawo wathyoka mwendo, akufuna munthu. Merran, ndakwera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Koma undimve bwino: khoka sindiligwira. Ine ndili pansi, kung'anjo. Ndimathira malasha, ndimachotsa phulusa, basi. Pamwamba madzi akuundana pa zingwe, ine ndili wosavala malaya, thukuta kamukamu. Chimene sindinazolowere n'chakuti mphepo alibe nayo ntchito anthuwa. Kwathu Bambo amatuluka m'mawa kukayang'ana kumwamba n'kunena ngati tipita kapena ayi. Kuno kaputeni amangoliza belu, injini n'kuyamba kugunda, kaya kuli bata kaya kuli namondwe. Lamulungu ndi tsiku ngati ena onse. Khoka likamakwera ndimalimva ndili pansi pomwepo, zitsulo zikulira, kenako khuu! nsomba pa matabwa. Ine ndimangoyang'ana moto wanga.

Kaputeni wathu ndi Mngelezi wa ku Hull, dzina lake Blenkin, wamfupi, wosachedwa kuseka. Ulendo wachiwiri anandiitanitsa kumene amawongolera sitima, n'kundipatsa fodya.

"Akuti ndiwe wa ku Shetland. Mbali iti?"

"Kumadzulo, bwana."

"Aha! Kuli hadoki wonenepa kumeneko, koma pansi pake pali miyala yong'amba makoka. Munthu amafunika womulozera."

"Ine ndine wa nkhosa, bwana. Nyanja ndinkangoionera pawindo."

Anandigwira dzanja n'kulitembenuza, n'kuona zipsera za zingwe zija. "Nkhosa zakwanu zimaluma ndi mbedza eti?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati ndibwerere kumoto wanga. Fodya wake ndinapatsa Dod.

Bambo usawauze kaye za kukweraku. Ndidzawauza ndekha ng'ombe itaima pakhomo, mwina adzamva. Ndatumiza paundi imodzi. Umugulire Leebie nsapato zazikulupo pang'ono, akule nazo. Kuno dzira limodzi peni, tangoganiza! Nkhuku zako zija zikanakhala kuno bwenzi uli dona.

Mwamuna wako,
Rasmie


8 Januwale 1899

Merran wanga,

Moni wa chaka chatsopano kwa nonse. Zilembo zapendama, usade nkhawa, ndikulemba ndi dzanja lamanzere masiku ano. Chitseko cha ng'anjo chinandipatsa moni pang'ono, Mayi Leiper akupakapo mafuta.

Ndamva zonse. Ndiye kuti mphekesera imathamanga kuposa sitima yamoto. Amene anandiona padoko ndili bii ngati mphika n'kuthamanga kukauza Bambo, umuthokoze, Mulungu amuonjezere miyendo. Wati fodya amene ndinawatumizira wa Khirisimasi Bambo anabweza osamasula, ndipo Gibbie ananena pamaso pa anthu potuluka m'tchalitchi kuti mkulu wake anamira. Gibbie ameneyo ndinamuphunzitsa ndine kumanga mbedza, mamina ali chuchuchu! Umuuze kuti anthu omira satumiza ndalama za denga. Ayi, usamuuze. Zimene zandigoneka osadya ndi za Bambo. Wati sanakalipe, anangofunsa kuti, "Sitima yakeyo imaphera kuti?" Ndikudziwa chimene akuopa.

Uwauze kuti kaputeni wayesanso, ndipo walephera. Nsomba zatha kufupi kuno, akokakoka mpaka pansi pasalala, ndiye ulendo uliwonse tikusunthira kumpoto. Tsiku lina anatsikira yekha kung'anjo, kumene sapondako n'komwe.

"Mnyamata, ukufuna kufera m'dzenje muno? Ndikukweza pamwamba, kumphepo yabwino, ndi gawo lako pa nsomba. Undionetse malo amodzi okha."

"Ndilibe malo, bwana."

"Nyanja ilibe mwini. Ukakana iwe adzapeza wina, iwe n'kutsala ndi fosholo yako."

"Fosholoyo ndaizolowera, bwana."

Dod atamva anapukusa mutu. "Iwe wa kuzilumba, mutu wako ndi wa nkhosa zenizeni. Anzako kuno amagulitsa agogo awo pa botolo limodzi." Koma pa chakudya anandikankhira theka la nyama yake.

Kodi maboti akupha bwanji chaka chino? Ndani wakhala pa nkhafi yanga? Undiuze, pakuti ndikamathira malasha mtima umakhala kumeneko, ndipo ndakusowa kwambiri, Merran. Piti, dothi louma lija timasonkhera moto, akayamba kuchepa usachite manyazi, upemphe kwa mlongo wako. Ndalama ndachepetsa ulendo uno chifukwa cha dzanjali.

Ndine wako,
Rasmie


12 Febuluwale 1899

Wokondedwa Merran,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili moyo.

Muli mapaundi atatu m'kalatamu. Usandifunse, sitima inadzaza, basi. Uchite nazo zimene ukuona.

Tinali kumpoto. Denga lathu likufunika chingwe china mbali ya kumadzulo, udzu wayamba kutukuka pamwamba pa khomo la khola. Uuze munthu akonze mphepo ya Malichi isanafike.

Chipewa chija unandilukira ndilibenso. Usaluke china.

Ngati pali amene wanena kanthu kumeneko, undilembere msanga, osabisa. Leebie umupsompsone. Bambo uwayang'ane ngati akudya.

Rasmie


5 Malichi 1899

Merran,

Moni. Za thanzi langa tisatayepo pepala. Kalata yako ndawerenga ndili chiimire padoko.

Wati munationa Lamulungu lija mukupita kutchalitchi, sitima itabisa nambala yake ndi saka, ikukoka pa Nkhokwe dzuwa likuswa mtengo. Wati itachoka yathu zinabwera zina zitatu, n'kudula zingwe za aliyense amene anayesa kuponya, ndipo tsopano mbedza zikubwera ndi nyambo yake. Wati akazi anzako asamuka pa benchi lako, ndipo wina wakusiyira tsache pakhomo. Zonsezo ndamva. Koma pamene wandibaya ndi pomwe wandifunsa kuti, "Anakupatsa zingati?" Iwe, Merran? Iwe amene wagona nane pamodzi zaka zonsezi?

Sindinanene. Ndikulumbira pa mutu wa Leebie, pakamwa panga sipanatuluke liwu. Tamvera mmene zinakhalira.

Pali chinthu chimene akazi simuchidziwa, poti simukwera boti. Pa Nkhokwe sitifika ndi mawu. Tikamapalasa, mmodzi amakhala maso ali kumtunda, ndipo zizindikiro zikangolingana sanena kanthu, amangovula chipewa. Ena akaona mutu uli pambalambanda amaleka kupalasa, zingwe n'kutsika. Makolo ankatero kuti nyanja isamve kuti tafika. Chiyambireni maso a Bambo kuchita nkhungu, wovula chipewa m'boti lathu ndinali ine.

M'mawa wa Lamulungu lija ndinamva injini ikuyenda pang'onopang'ono, koma ndili pansi sindinkadziwa kumene tili. Mkulu wa injini anati, "Kaputeni akuti utuluke ukataye phulusa, upumeko mphepo." Ndinakwera ndi ndowa yanga. Kunja kunali kowala, kozizira kobaya m'mafupa, nyanja ili zii. Nditakweza maso, Merran, kwathu! Phiri, tchalitchi, denga lathu, utsi wa moto wako. Ndinaona munthu wovala chofiira pafupi ndi khola, ndinati ndiwe. Ndinaiwala ndowa, ndinaiwala sitima, ndinaiwala amene ali kumbuyo kwanga. Sitima inkangoyenda pang'onopang'ono, kumtunda kukusuntha monga kumasunthira tikamapalasa, ndipo maso anga anapita okha kumene anazolowera.

Kenako ndinamva kuzizira kumutu. Kuyang'ana m'manja, chipewa chili mmenemo.

Mwambo wathu Blenkin saudziwa. Koma anali pawindo lake akundiyang'ana kuyambira potuluka, ndipo munthu savula chipewa pachabe pa chisanu chotero. Belu linalira. Anaponya mbendera yoyandama pomwepo, anayeza pansi ndi chingwe cha mtovu, n'kufuula kuti khoka litsike. Ndinathamangira kwa iye ndikutukwana, sindikumbuka kuti ndinati chiyani.

"Wandiuza chiyani iwe?" anatero akuseka. "Pakamwa pako ndi poyera ngati pa mbusa. Tsika, nthunzi ikuchepa."

Ndipo Merran, ndinatsika. Pamenepa ndiye sindikubisira. Ndikanatha kuponya fosholo, moto n'kuzima, khoka n'kuima. Ndinaganiza za ndende, ndinaganiza za chipata cha padoko ndi chala cha kapitawo, ndipo ndinathira malasha. Tsiku lonse ndinathira, ndikulira ngati mwana, khoka likukwera n'kutsika pamutu panga. Chipewa ndinachiponya m'ng'anjo ndi dzanja langa.

Wati mapaundi aja uwasiya pa alumali osawakhudza. Wachita bwino. Koma njala ikafika pa mwana ugwiritse, tchimo lake ndi langa.

Upite kwa Bambo ukawafotokozere za chipewa, mawu onse monga ndalembera. Akhulupirire asakhulupirire, koma amve. Gibbie usavutike naye.

Mwamuna wako ndithu,
Rasmie


14 Meyi 1899

Wokondedwa Merran,

Moni kwa iwe ndi mwana. Ndili bwino, chifuwa chokha. Pepa kuti ndatenga nthawi osalemba, panalibe chotumiza, ndipo kalata yopanda kanthu imandichititsa manyazi.

Kwa Blenkin ndinachoka. Ndinabwerera pachipata, ndinakankhanso mawilibala mpaka nsapato zinatha. Tsopano ndili pa sitima ina, kung'anjo komweko, koma iyi imapita kutali, ku Iceland. Ndinaisankha dala. Dod wanditsatira, akuti palibe wina womuseka. Kumenekonso kuli timaboti ta nkhafi ngati tathu, ndipo anthu ake amatiimirira n'kumatikwezera zibakera. Ndikatuluka kukataya phulusa ndimayang'ana m'ndowa.

Ndinakufunsa ngati ndingabwere kudzadula piti, ndipo wayankha mawu awiri okha, "Usabwere kaye." Ndamva, sindikakamira. Koma wati Bambo ndi amene akudulira chaka chino, okha, ndi msana wawo uja, osauza munthu. Ndawerenga pamenepo kangapo. Wati utawafotokozera za chipewa anangofunsa ngati tiyi wapsa. Basi? Sananenenso kanthu mawa lake? Kodi dzina langa amalitchulako?

Za anthu ochoka zandimvetsa chisoni. Banja la a Goudie ku Canada, ana a Mayi Isbister onse awiri ku sitima za katundu. Nanga boti lawo apalasa ndani? Anthu anene zimene akufuna, koma ine sindinafune kuti nyumba ngakhale imodzi ya ku Skelvoe izime moto.

Wati Leebie anaona wogulitsa nsalu akubwera n'kuthamangira kuti "Ababa". Ndinaseka, kenako ndinatuluka panja. Umuuze kuti bambo ake ndi wamtali kuposa ameneyo, ndipo alibe mimba.

Ndaikamo masheleni khumi ndi asanu. Za ng'ombe tisiye kaye.

Wako,
Rasmie


29 Okutobala 1899

Wokondedwa mkazi wanga Merran,

Moni kwa iwe ndi Leebie. Ndili bwino. Gibbie wafika bwino, usade nkhawa.

Anagogoda lero masana tili pa chakudya, bokosi lake lili paphewa. Waonda, Merran, makutu okha ndi amene atsala. Sanandipatse dzanja. Anangoima pakhomo n'kufunsa kuti, "Pali malo pa sitima yanuyo?" Ndinafuna kumufunsa ngati anthu omira amalembetsa anzawo ntchito, koma ndinaleka. Ndinamukokera mpando, Mayi Leiper n'kumuikira mbale. Iye ndi amene wandiuza zimene iwe sunalembe, kuti boti la Bambo alikweza kumtunda n'kulivundikira, poti opalasa atha.

Tinali asanu ndi mmodzi patebulo, ena onse anthu a sitima za khoka. Gibbie sanadye. Anati, "Bambo andituma."

Ndinati, "Tidye kaye, tikalankhulire panja."

"Panja pa chiyani? Pali chobisanso?"

Merran, pali chinthu chimene sunamvepo, ngakhale ine ndinkangochimva ngati nthano. Kupitirira Nkhokwe kuli malo ena, Mbale ya Amasiye, amene amadziwa munthu mmodzi yekha m'banja lathu. Saphapo chaka wamba. Amawasungira chaka chimene nyanja yatenga boti, kuti amasiye ndi ana awo adye. Bambo anaponyapo zingwe kamodzi kokha moyo wawo wonse. Zizindikiro zake munthu amauza mwana wake wamkulu tsiku limene wasiya nkhafi, pakamwa ndi khutu, awiriwiri panyanja.

Gibbie anati, "Ine amene ndinatsala, ine amene ndawapalasa mpaka manja kusupuka, andisandutsa wonyamula makalata. Ndinawafunsa kuti, Bambo, mukupereka kwa wogulitsa? Ukudziwa anati chiyani? Anati, 'Munthu amene dzanja lake livula chipewa losauzidwa, ameneyo sanachoke pano. Wamkulu ndi wamkulu. Kamuuze.' Ndiye tenga, ukagulitsenso."

Ndipo anazitchula. Mokweza, patebulo la Mayi Leiper, pakati pa mbatatesi ndi mchere, mawu amene agogo athu ankanong'onezana nyanja isamve. Ine misozi inali mbwembwembwe, chifukwa ndinkangomva chimodzi, kuti Bambo andikhulupirira. Ndinayang'ana anthu aja kuti ndione amene watchera khutu. Onse ankangodya.

Dod yekha anakweza mutu, pakamwa pali todzaza. "Pati? Paja pali zigoba pansi, kuseri kwa mwala wong'ambika? Ha! Tinapapeza ndi mtovu chaka cha dzana, ndili pa sitima ina. Zinali nsomba, mwanawe, mpaka khoka kukanika kukwera! Tinabwererako kawiri katatu. Pano mulibe kanthu, ndere zokhazokha." Ataona nkhope zathu anaika supuni pansi. Sanadziwe, mkulu wa anthu, ankangocheza.

Gibbie anatuluka osatseka chitseko. Ndinamupeza padoko atakhala pa mulu wa malasha, mutu uli m'manja. Ndinakhala pambali pake. Iye sanasunthe. Mawa ndikamuonetsa kwa mkulu wa injini, akufuna wothandiza kung'anjo. Tagwirizana chinthu chimodzi, ndipo tikupempha kuti iwenso ulowemo.

Ndaikamo paundi. Ugule ufa, ndi fodya wa Bambo, mwina ulendo uno alandira. Upite naye wekha, ukhale nawo pafupi ndi moto. Uwauze kuti Gibbie wafika, ndipo mawu awo andipeza onse, osasowa ndi limodzi lomwe. Uwauze kuti ndathokoza, kuti Mbale ya Amasiye ili m'manja abwino, ndipo palibe tsache lidzapondepo ine ndili moyo. Za Dod usatchule, lero kapena tsiku lina lililonse. Unene ndi mawu olimba, Merran, paja makutu awo adakali akuthwa.

Ndine mwamuna wako,
Rasmie